Banja la masipika ndi makina osokera: momwe anatigwirira ntchito pa sewero lathu la Napolo

Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Blantyre, mbali imene phiri la Soche limaonekera pawindo la kalasi. Kalabu ya zisudzo ndakhala ndikuiyang'anira kwa zaka 9. Zaka zonsezo sitinalembepo munthu wakunja ganyu. Sipika tinkabwereka imodzi ku tchalitchi, zovala ana ankabwera nazo kuchokera kwawo, nsalu yotchinga kumbuyo kwa siteji inali makatani a mu ofesi ya ahedi. Chaka chino komiti ya makolo inavomera kuti titulutse kangachepe, chifukwa sewero limene ana analemba linali lokhudza namondwe wa Freddy. Tinkadziwa kuti m'holomo mudzakhala anthu amene anaika abale awo m'manda, ndi ena amene sanapeze n'komwe thupi loti aike. Komanso m'holo momwemo ndi mmene munagona mabanja othawa matope pa nthawi imene sukulu yathu inasanduka msasa. Sewero lotero silofunika kulichita mwachisawawa.

Tinalemba banja lina la mbali ya ku Limbe. Bamboyo amabwereketsa masipika, maikolofoni ndi magetsi a pasiteji, makamaka pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Mayiyo ndi telala, makina ake ali pakhonde la golosale ina. Mayina awo sinditchula, chifukwa m'munsimu ndinenanso zimene zinandiwawa, ndipo sindikufuna kuti ziwatsekere msika anthu amene mbali yaikulu anatichitira zabwino. Tinagwirizana K220,000 ya masiku awiri, Lachisanu loyeserera ndi Loweruka lenilenilo, kuphatikizapo kusoka. Nsalu tinalipira tokha. Anabwera ndi masipika awiri aakulu, maiki awiri opanda chingwe, atatu a chingwe, magetsi 6 osinthasintha mitundu, ndi jenereta.

Sewerolo ndi la mphindi 50. Mtsikana wa Fomu 2 akutumidwa ndi amayi ake usiku, mvula ikugwa tsiku lachitatu osakata, kuti akasiye mwana wa mchemwali wake kwa anansi amene nyumba yawo sikudontha. Pobwerera akupeza kwawo kulibe. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto akungofunafuna amayi akewo, kumsasa, ku Queens kumene ankapititsa mitembo, m'mphepete mwa chikhwawa chimene matope anakumba. Sawapeza. Ndinawafunsa ana ngati sakufuna kuti pamapeto mayiyo atulukire, iwo anakana onse. Mnyamata wina anati, “Madamu, a kwathu sanatulukire.” Ndinasiya pomwepo.

Amene munali kuno mu Malichi 2023 mukudziwa zimene akunena. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje kunalinso kulira kokhakokha. Anthu opitirira 600 anamwalira, ena opitirira 500 anasowa, oposa 600,000 anasiya nyumba zawo, boma n'kulengeza masiku 14 olira maliro. Akuluakulu sanavutike kupeza dzina: anati ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula chilichonse chili panjira yake. Ku Zomba amakumbukira wa 1946, ku Phalombe wa 1991. Ana athu anatenga dzina lomwelo, ndipo funso lathu lalikulu linali lakuti Napoloyo aoneke bwanji pasiteji, amveke bwanji, popanda kumusandutsa choseketsa.

Tsiku limene ndinapita kukalipira theka la ndalama, bamboyo anandimvetsera zimene zinali mu fulashi yake: mabingu, mphepo, mvula, ndi kiyibodi yolira mwachisoni ngati ija ya m'mafilimu a ku Nigeria munthu akamwalira. Mtima wanga unatsika. Ndinabwerera ndikuganiza kuti ndalama za makolo zapita pachabe. Koma Lachinayi, tsiku limene silinali m'pangano, anatulukira pasukulu wapansi, wopanda katundu aliyense, n'kukhala pa benchi yakumbuyo kuonera ana akuyeserera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Atatha anandiitanira pambali.

“Amadamu, mabingu anga aja ndikawaika apa, anawa sadzamveka, ndipo anthu adzayamba kumvera makina. Mtondo uja ndi wa ndani?”

Mtondowo unali wa agogo a mtsikana amene ankatenga mbali ya mayi. Sewero limayamba mayiyo akusinja chimanga madzulo, akuimba nyimbo ya pamtondo imene anawo anapeka okha, yodandaula za bambo amene ndalama ya ganyu imathera panjira. Umo ndi mmene nyimbo za pamtondo zimakhalira, mkazi amanenera momwemo zimene sanganene pamaso pa apongozi. Kwa ife mtondowo unali chabe chida chosonyeza kuti pano ndi pakhomo. Bamboyo anaona china. Anakulunga maiki ya chingwe m'kansanza n'kuilowetsa kunsi kwa matabwa a siteji, ndendende pansi pa mtondo, kenaka n'kukweza mawu okhuthala okhaokha. Munsi ukagunda, phokosolo silinkamveka m'makutu mokha, linkafika pachifuwa. Gu! Gu! Gu! Ngati mtima wa munthu wamkulu ukaugonera.

Kuchoka pamenepo iye ndi mtsikana uja anapangana chinthu chimene ine, mphunzitsi amene chaka ndi chaka ndimafotokozera ana a Fomu 4 za zizindikiro ndi ziphiphiritso, sindinachiganizire. Mayi atatengedwa ndi matope, mtondo uja unasamukira kuseri kwa nsalu, maiki n'kuutsatira. Nthawi iliyonse imene mwana akuganiza kuti waona amayi ake, kaya pamzere wolandira ufa kumsasa, kaya pakati pa azimayi okhala pakapinga kuchipatala, kusinjako kunkamveka, wosinja osaoneka. Koyamba munsi unagunda kasanu ndi kamodzi. Kachiwiri kanayi. Kenaka kawiri. Ulendo womaliza, mwana ataima m'mphepete mwa chikhwawa, unagunda kamodzi kokha. Palibe mtengambali amene ananena kuti chiyembekezo chikutha. Holo yonse inali ikuwerenga yokha, ndipo pamene kugunda kwachiwiri sikunabwere ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti “mayo ine” chapansipansi. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Mvula nayo anaikana ya mu fulashi. Anati mvula imene anajambulayo ikugwera pamasamba ndi pamsewu wa kwina, pamene yathu imagwera pamalata, ndipo aliyense wa ku Chilobwe amaidziwa ndi khutu. Anaitanitsa chidutswa cha lata lakale, n'kuika anyamata awiri kuti azithira timiyala ta mumchenga kuchokera m'lichero pang'onopang'ono, atsikana atatu akugwedeza maseche pambali. Bingu linali lata lomwelo akaligwedeza. Kutsika kwa phiri kunali ana 20 akugunda zidendene pamatabwa, kuyamba motsitsa ngati lole ili kutali, kenaka n'kumakula, iye akukweza maiki ya pansi ija mpaka mawindo kuyamba kunjenjemera. Ana amene anakumva kwenikweni usiku umenewo ndi amene ankamuuza kuti apo pakwana, apo sipanafike. Iye ankawamvera ngati akumvera akulu anzake. Zimenezi ndinaziona ndipo sindidzaziiwala.

Tsopano za mayi telala uja, amene kunena zoona ndi amene anasenza theka la sewero ngakhale ndalama yake inali yochepa pa mtengo uja.

Ana ankafuna nsalu yaitali ya buluu yoimira madzi, monga amaonera pa mavidiyo a pafoni. Mayiyo anapukusa mutu. “Amadamu, muno mu Blantyre mukatambasula nsalu ya buluu mamita khumi, theka la holo liona chipani, theka linalo liona Manoma. Mukaika yofiira aona Maule, yachikasu aona chipani chinanso. Komanso madzi amene anatenga anthu aja sanali a buluu.” Amene mumakonza zisudzo m'sukulu, mawu amenewa muwasunge. Mtundu wa nsalu kuno kwathu umafika pasiteji uli kale ndi mwini wake, ndipo woonera akangoganiza za mpira kapena za msonkhano wa ndale kwa kanthawi kochepa, mwamutaya.

Anapita pa kaunjika mu msika wa Limbe, anagula mashiti akale, n'kuwalumikiza mpaka mamita 12. Anawaviika masiku awiri m'madzi a dothi la katondo, osati utoto wa m'sitolo, kotero kuti mtundu wake unatuluka wosafanana, pena poderapo, pena pofiirira, pena pamizeremizere ngati mmene khoma limaonekera madzi akaphwa. Pamwamba pake anasokerapo zinthu: patapata mmodzi, supuni, kadiresi ka mwana wakhanda, chivundikiro cha poto, kope la sukulu, chipewa cha mwamuna. Ana 8 ankalowa kunsi n'kumayenda chokwawa. Anyamata anapempha kuti kutsogolo kukhale mutu wa njoka, wa maso ndi mano. Iye anakana. Anati amene anapulumuka sanaonepo mutu, anaona katundu wa anansi awo akudutsa. Ndinagwirizana naye, ndipo pa tsikulo nsaluyo itayamba kutsika masitepe a siteji kulowera kwa oonera, ana aang'ono a pamzere wakutsogolo anakweza miyendo m'mwamba.

Anyamata omwewo anayesanso kunena zoti apange chigoba chonga cha gule wamkulu. Apa ndinakana ndine, mayiyo n'kundithandiza. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake. Kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 sizikutanthauza kuti aliyense angamusokere pakhonde la golosale n'kumuvinitsa ana a sukulu pofuna kuopseza anthu. Komanso chilombo chikanangolowa m'holomo, nkhani yonse ikanasiya kukhala ya phiri.

Za akufa tinakambirana nthawi yaitali. Chizolowezi cha masewero ambiri a m'sukulu n'chakuti mzukwa umapakidwa ufa kumaso, n'kufunda shiti yoyera, n'kumalankhula mokoka mawu. Aliyense amadziwa chimene chimatsatira: holo imagwa ndi phwete. Ife sitikanalola kuti mayi amene mwana wake sanapezeke amve anthu akuseka akufa. Telalayo anati tisaonetse wakufa aliyense. M'malo mwake anamanga chingwe choyanikira zovala kuchokera mbali ina ya siteji kukafika ina, n'kuyanikapo zitenje 7 m'gawo loyamba, azimayi a m'mudzimo akucheza. Matope atadutsa, chingwecho chinatsala pomwepo ndi zitenje zake, ndipo m'magawo onse otsatira zambiri palibe anabwera kudzazianula. Ziwiri zokha ndi zimene eni ake anadzatenga. Zisanu zinakhalabe lendelende mpaka kumapeto. Anandiuza kuti anavutika kupeza zitenje zakale zopanda nkhope ya wandale kapena chizindikiro cha mpingo, anachita kukapempha kwa makasitomala ake mmodzimmodzi.

Koma chimene chinandigwetsa misozi ine, ngakhale ndinachidziwa kale, ndi chitenje cha mayi wa m'sewero uja, cha masamba obiriwira ndi timadontho tachikasu. Telalayo anachidula pakati. Theka ndi limene mayi ankavala posinja. Theka linalo analisokera kumchira kwenikweni kwa nsalu ya Napolo, ndi ulusi wosalimba. Nsalu yonse itadutsa, chomaliza kuchiona oonera chinali kachitenje kameneko kakukokedwa pansi. Palibe ananena kanthu, koma m'holo munamveka kupuma kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Chakumapeto mwana akukapeza kachitenjeko katakodwa pa chitsa, ndipo azakhali ake akumulanda mofatsa n'kumumanga nako m'chiuno, monga azimayi amamumangira namfedwa pamaliro kuti alimbe polira. Apo ndi pamene maliro a mayiyo anachitikira, popanda bokosi, popanda manda.

Masamba a pamsewu analinso maganizo a telalayo. Posintha gawo, ana awiri anayenda mkati mwa holo n'kuyala nthambi zaziwisi modutsa kanjira ka pakati pa mabenchi, kutsogolo ndi kumbuyo, monga timachitira pamsewu pakhomo pakagwa zovuta. Kuno aliyense amadziwa kuti ukaona masamba, galimoto imachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wailesi imazimitsidwa. Azibambo angapo anavula zipewa osauzidwa. Anyamata a kumbuyo amene ankanong'onezana anakhala chete. Nthambi zinayi zinachita zimene aphunzitsi atatu oyendayenda ndi kamtengo akanalephera.

Nyimbo ya pamaliro inatipatsa mutu. Pasukulu pathu pali ana a CCAP, a Katolika, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste, ndi Asilamu ambiri ndithu, ndipo matope sanafunse munthu kumene amapemphera. Tikanasankha nyimbo ya m'buku la mpingo umodzi, maliro akanakhala a mpingo umenewo. Ana anapeka kayimbidwe kopanda mawu, kong'ung'udza ndi milomo yotseka, kotsika pang'onopang'ono ngati mmene nyimbo za pa siwa zimatsikira usiku ukapita. Bamboyo ndiye anati atsikanawo asaime pasiteji, amwazikane m'mbali mwa makoma mozungulira oonera, ndipo iye azimitse maiki onse. Munthu amene timamulipira kuti akuze mawu, n'kupempha yekha kuti azimitse makina ake. Zotsatira zake, kung'ung'udzako kunkachokera paliponse, ndipo pasanathe mphindi azimayi a m'mabenchi analowamo, wa Mvano, wa mpango wa Chisilamu, aliyense akumva ngati ndi nyimbo ya kwawo.

Tinamaliza ndi tchopa. Ana athu ambiri makolo awo anachokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo agogo a mnyamata wina anabwera Loweruka zitatu kudzawaphunzitsa. Tchopa si gule wa chisangalalo chokha. Alhomwe amavina akakolola bwino kapena akabwera ndi nyama ku uzimba, komanso amavina popereka nsembe kwa makolo pambuyo pa chilala kapena mliri, ndipo UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014. Ovina ena amabereka kumsana akatundu a makasu, zikopa, zidole ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Agogowo atafotokoza zimenezi, telala uja anangoti, “Basi, ndiye abereke zimene anafukula m'matope.” Choncho ovina athu analowa mozungulira, akupingasana, kumsana kuli mapoto opindika, khasu lopanda mpini, nsapato imodzi, wailesi yodzaza dothi. Gule wa makolo ndi anthu othawa namondwe anakhala chithunzi chimodzi. Ng'oma zitatu za tchopa bamboyo anakana kuziikira maiki. Anati m'holo ya malata ngati yathu ng'oma imadzikuza yokha, chofunika n'kuiwamba bwino pamoto nthawi itatsala pang'ono, ndipo anapita yekha kuseri kukathandiza anyamata kusonkha moto wa mapesi. Pa magetsi tinasiyana maganizo pang'ono, iye ankafuna awale onse nthawi imodzi, ine ndinkafuna kuwala kwachikasu kobwera pang'onopang'ono ngati m'bandakucha. Anayesa zonse ziwiri, n'kuvomera yanga popanda kukoka nkhani.

Zabwino ndi zimenezo, ndipo n'zambiri. Tsopano zimene zinalakwika, chifukwa amene mukufuna kuwalemba muyenera kuzidziwa.

Lachisanu tinapangana 1 koloko masana. Anafika itadutsa 4, akuti galimoto imene anachita hayala inali kaye ku ukwati wina. Ana athu ndi oyendera, ena amayenda mtunda wa ola lathunthu, ndipo atsikana sindingawasunge mpaka mdima. Choncho magawo awiri omaliza sitinawayeserere ndi magetsi. Choipa kwambiri, mnyamata wake amene amagwira mabatani a magetsi ndi nyimbo sanabwere n'komwe tsikulo. Bamboyo anati adzamufotokozera kunyumba. Zolakwika ziwiri zazikulu za Loweruka zinachokera pamenepa.

Choyamba, pa kutsika kwa phiri. Tinagwirizana kuti phokoso la zidendene likafika pachimake, zonse zizime nthawi imodzi, mawu ndi magetsi omwe, mukhale mdima wandiweyani, tiwerenge mpaka khumi, kenaka kuwale katochi kamodzi ka foni m'dzanja la mtsikana. Umo ndi mmene zinachitikira usiku umenewo, kunalibe kuwala kwina kulikonse. Mnyamatayo, pozolowera maukwati, ataona nsalu ikulowa anayatsa magetsi ofiira othwanimathwanima. Ana ena a kumbuyo anakuwa ngati disiko yayamba. Bamboyo anamukodola msanga n'kuzimitsa, mdima uja unabweradi, koma unabwera utathyoka kale. Matope si ofiira, ndipo imfa ya anthu aja sinathwanime. Zinandipweteka chifukwa ana anagwira ntchito milungu 7 kukonzekera kamphindi kameneko.

Jenereta nayo inatidyera bata. Magetsi anazima chionetsero chitatsala pang'ono kuyamba, zimene sizachilendo ndipo n'chifukwa chake tinafuna jenereta. Koma chingwe chimene anabwera nacho chinali chachifupi, moti anaiika pafupi ndi windo la holo. Sewero limene mphamvu yake ili pa kukhala chete linayenda ndi kulira kwa injini kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anayesa kutchinga ndi matiresi a mu sitolo ya sukulu, zinathandizako, koma amene anakhala mbali imeneyo kugunda komaliza kwa mtondo anakumva movutikira. Za mafuta a jeneretayo sanatiuze pokambirana mtengo, anatiuza m'mawa wa tsikulo, ndipo ndinatulutsa K15,000 m'thumba mwanga.

Maiki imodzi yopanda chingwe inayamba kukhosomola pakati pa gawo la kumsasa. Mtsikana wathu anaivula n'kuiponya kuseri, n'kupitiriza ndi mawu ake. Anamveka mpaka kukhomo. Ife amene tinakulira m'mipikisano ya zisudzo za m'sukulu ya ATEM, kumene ngakhale katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr. anayambira ali pa sekondale ya HHI, tinaphunzitsidwa kuti mtengambali alankhulire munthu wa pa benchi yomaliza, ndipo ndimawaumiriza ana anga zomwezo. Tsiku limenelo zinatipulumutsa. Komabe mabatire atsopano ndi udindo wa mwini maiki.

Chachiwiri cha mnyamata uja ndi chimene chinandisowetsa tulo. Tchopa atatha, ovina amatuluka, mtsikana amatsala yekha pakati pa siteji, kachitenje kali m'chiuno, zitenje zisanu zili pachingwe kumbuyo kwake, kuwala n'kumazilala. Zinayenda bwino lomwe. M'holo munali zii, kupatula gogo wina amene ankasisima. Anthu anali asanayambe n'kuwomba m'manja komwe. Mwadzidzidzi masipika anaphulika ndi amapiano. Kwa mnyamatayo mwambo unali utatha, ndipo mwambo ukatha amaika nyimbo yoti anthu atulukire. Bamboyo anathamanga kuchokera kuseri n'kuzula chingwe, koma masekondi khumi ndi asanu amenewo anakwana. Gogo uja anadzidzimuka n'kugwira pamtima. Mtsikana wathu anatsika pasiteji akulira, osati kulira kwa sewero. Mnyamatayo sindimuda, sanaonepo sewerolo ndipo palibe anamukhazika pansi. Mlandu ndi wa amene anamutuma kuntchito asanamuonetse ntchitoyo.

Lolemba m'mawa bamboyo anabwera kusukulu ndi mkazi wake. Sanadzikanire. Anapepesa kwa ine, kwa ahedi, kenaka anapempha kuti aonane ndi ana a kalabu pa nthawi yopuma, n'kupepesanso kwa iwo, makamaka kwa mtsikana uja. Anandibwezera ndalama ya mafuta ija ndisanaitchule. Pa anthu a ganyu amene ndagwirapo nawo ntchito, ochepa kwambiri amabweranso ndalama atalandira kale yonse.

Kodi ndingawalembenso? Inde, ndipo aphunzitsi anzanga a makalabu a zisudzo ndikukulimbikitsani kutero, makamaka ngati sewero lanu ndi lofuna kuganiza osati phokoso. Mtengo wawo ndi wofanana ndi wa ena a masipika m'tauni muno, koma enawo amangotsitsa katundu, kulumikiza zingwe, n'kukhala pafoni mpaka muthe. Awa amaonera, amafunsa, amatsutsa pamene akuona kuti mukulakwitsa. Kungoti polemba pangano mulembemo kuti aliyense amene adzagwire batani pa tsikulo akhalepo poyeserera, mufunse kutalika kwa chingwe cha jenereta, mafuta alowe mu mtengo, ndipo munene momveka kuti sewero likatha pasaikidwe nyimbo iliyonse mpaka inu mutakweza dzanja. Mayiyo mumupatse nthawi yokwanira, milungu itatu kapena kuposa, chifukwa zinthu zake amachita kuzisakasaka, ndipo mumulole aonere ana akuyeserera asanadule nsalu. Mumuonjezerenso kangachepe pamwamba pa zimene atchule. Amadzitchipitsa.

Nsalu ya Napolo ili mu sitolo ya sukulu, yopindidwa m'thumba la feteleza. Telala anatiuza kuti tisaichape, katondo angachoke. Makolo ena a ku Phalombe amene anaonera apempha kuti teremu ya mawa tikachite sewerolo kwawo, ndipo komiti ikufunafuna ya thiransipoti. Banjali ndalilankhula kale. Bamboyo wati agula chingwe chachitali, ndipo mnyamata wake adzakhala pa benchi yakumbuyo kuyambira tsiku loyamba loyeserera.